Nsalu imene sindinavundukule

Ine ndi mng'ono wanga tinayamwa bere limodzi, koma paja m'mimba ndi nchipala. Ine ndinatuluka wa mabuku, iye anatuluka wa pakamwa. Kwa zaka zambiri wochitiridwa nsanje pabanja pathu ndinali ine, ndipo sindibisa, zinkandikomera. Zinthu zitatembenuka ndinasowa pogwira, chifukwa nsanje inali ntchito imene ndinali ndisanaiphunzire. Ndinaiphunzira nditakula kale, imvi zitayamba kusuzumira, ndipo ndinakhoza bwino ndithu.

Bambo athu anachoka ku Mulanje ali mnyamata kudzathyola tiyi kuno kuchigwa cha Honde, m'dziko la eni olankhula Chishona. Ankati adzabwerera kwawo akangogula njinga. Njingayo anagula, inatha, anagula ina, ndipo lero agona kumanda a kuseri kwa komboni. Ife tinabadwira m'malaini a esiteti, nyumba zogundana misana, moti mnansi akakazinga mazira malaini onse ankadziwa. Woyamba kubadwa ndine, kenako mlongo wanga, womaliza ndi mng'ono wangayu. Thumba la bambo linkakwanitsa mwana mmodzi yekha kusekondale, ndipo mwayiwo unagwera ine. Mlongo wanga analowa kufakitale ya tiyi. Mng'ono wanga anabereka dengu kumsana nalowa m'mizere ya tiyi pambali pa amayi, ali kamtsikana kosatha ndi kumanga bwino duku.

Kuti ndilembedwe uphunzitsi ndinayenda maofesi mpaka nsapato kupendama. Chitupa changa, monga cha aliyense wa m'komboni, chinali ndi chizindikiro chonena kuti ndine mlendo, ngakhale mchombo wanga unakwiriridwa konkuno pafupi ndi Ruda. Anandilumbiritsa kuti ndakana Malawi, dziko limene ndinali ndisanaliponde n'komwe. Nditayamba ntchito pasukulu ya boma ya kumtunda kwa esiteti, amayi anavina panja ndi chipande m'manja. Kuyambira pamenepo ndinali mwana wa boma. Paukwati ankandikhazika pampando anzanga ali pamphasa. Pamaliro ndine ndinkaimirira kuthokoza anthu m'malo mwa banja. Ndipo nyimbo, kaya kutchalitchi kaya kumanda, inkayamba ine ndikatsegula pakamwa. Mawu ndili nawo, zimenezo ngakhale adani anga amavomera.

Mng'ono wanga ankangodziwika ndi kukangana ndi makalaliki pasikelo. Tiyi wake akamuyeza mopereweza, phokoso lake linkamveka kutsidya kwa mtsinje. Anzake anamusankha kukhala wowayankhulira kwa mabwana, ndipo ine ndinkangoti zimenezo n'zomuyenera, munthu wa mkamwa mosatseka apeze pogwiritsa ntchito.

Ndiye lamulo la dziko linasintha. Anati obadwira kuno, ngakhale makolo awo anachokera ku Malawi kapena ku Mozambiki, ndi nzika, akasinthitse zitupa ndipo angathe kuvota. Simungamvetse chimene chinachitika m'komboni ngati simunatchedwepo mubwidi, dzina lotinyoza ife obwera, pamzere wa chigayo. Azibambo okalamba ankatulutsa chitupa chatsopano m'thumba popanda wowafunsa. Ine ndinathandiza ambiri kudziwa zoti anyamule ndi khomo loti agogode, ndipo pamenepo panalibe cholakwa, chifukwa chitupa si chipani. Zisankho zinadutsa anthu athu akuvotera ena. Kenako maso anatseguka. Anawerengana m'malaini, anawerenga ndi abale amene anapeza minda cha ku Samanga, naona kuti wadi yathu ingathe kukhala ndi khansala wolankhula Chinyanja.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, akuluakulu a m'komboni anakwera chitunda kubwera kunyumba kwanga pasukulu, amayi ali patsogolo. Anakhala pakhonde, anamwa tiyi, anazungulira ndi nkhani za mvula, kenako anatula chimene anadzera. Chipani china, chimene sinditchula, chinali chitavomera kuimika munthu wa m'komboni, ndipo iwo anati munthuyo ndine. Ndinayankha mwaulemu kuti ndiganize kaye. Koma atangotsika chitunda ndinatseka chitseko, ndinaima pagalasi, n'kuyamba kulankhula kwa khamu limene kunalibe. Ndinamanga mlatho pamtsinje umene ana amakanika kuoloka mvula ikagwa. Ndinakumbitsa zimbudzi m'malaini. Nthungululu ndinadziimbira ndekha.

M'mawa mwake ndinakalowa mu ofesi ya ahedi. Anali bambo wofatsa wa Chimanyika, mtundu wa eni dera lino, wokonda kupukuta magalasi akafuna kunena chinthu chowawa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anavula magalasi, nayamba kupukuta. Kenako anandikumbutsa lamulo la antchito a boma.

Lamulo lake si lalitali. Wolandira malipiro a boma ndi wantchito wa anthu onse, choncho asakhale paudindo m'chipani, asakokere anthu kuchipani, asaime pamsonkhano wa chipani kukweza uyu kapena kugwetsa uyo. Akafuna kupikisana nawo, ayambe watula pansi ntchito. Kuvota ndiye avote, koma mwakachetechete. Ndinkalidziwa lamulolo, ndani wa m'boma salidziwa, koma ndinkalidziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti kumtsinje kuli ng'ona iye asanafune kuoloka.

"Madhamu," anatero ahedi, "ine sindikukuletsani. Koma mukatuluka pakhomo ili, nyumba ija mumakhalamo ndi ya mphunzitsi. Mukaluza, mudzagona kuti ndi ana anu?"

Bambo a ana anga anali atamwalira kale. Ana anali pasukulu onse. Khansala alibe malipiro oti n'kulerera banja, ndipo voti ilibe chikole. Ndinayenda ndi nkhaniyo m'mutu kwa masabata angapo, uku ndikufuna choko uku ndikufuna mpando, mpaka ndinavomera kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinatsika kukomboni kukawauza akuluakulu aja kuti sindingathe. Chondipweteka n'chakuti lamulolo sindikanatha ngakhale kulida bwinobwino. M'kalasi mwanga munali ana a mbali zonse, ndipo kholo lililonse liyenera kugona tulo podziwa kuti mwana wake sakwapulidwa chifukwa cha nsalu ya chipani imene mayi ake amavala. Ndikudziwanso kuti alipo a m'boma amene amalumpha lamulolo masana dzuwa likuswa mtengo osaona kanthu. Koma amenewo ali ndi amalume awo kumtunda. Mwana wa m'malaini akalumpha, amagwera pa iye yekha.

Ndinkaganiza kuti akuluakulu aja adandaula, mwina abweranso kudzandichonderera. Ndikanakanabe, koma ndinkafuna achonderere. Sanabwere. Sabata isanathe ndinamva kwa mayi wogulitsa nthochi pageti la sukulu kuti asankha mng'ono wanga.

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka mayi wa nthochiyo anandiyang'ana modabwa. Munthu amene kalata ya kuchipatala ankabwera nayo kwa ine kuti ndimuwerengere, ameneyo akakhale m'khonsolo ndi anthu a mataye? Koma kusekako sikunakhalitse, ndipo tsiku limenelo ana a m'kalasi mwanga anakalipiridwa popanda chifukwa. Esiteti si boma. Wothyola tiyi angathe kuvala chipani kuyambira duku mpaka nsapato, angathe kukwera pa thirakitala n'kukuwa mpaka mawu kusasa, palibe womufunsa. Sukulu imene inanditulutsa m'mizere ya tiyi ndiyo inandimanga pakamwa, ndipo iye amene anatsalira m'mizeremo ndiye anali mfulu.

Kampeni itayamba, chigwa chonse chinasanduka cha iye. Nkhope yake inali pamitengo ya mapeyala, pamakoma a magolosale, pakhomo la chigayo. Anamujambula bwino, ndivomere, ngakhale mpata wa m'mano uja anaubisa. Ndikamapita kukagula ndiwo ndinkayenda pakati pa nkhope za mng'ono wanga zikundimwetulira, ine n'kumayang'ana pansi ngati ndataya singano. Anthu amene kale ankandiimitsa panjira kufunsa nzeru tsopano ankandiimitsa kuti, "Ndinu achemwali ake a uja, eti?" Ngakhale zovala ndinayamba kusankha mosamala. Diresi langa lokongola kuposa onse linali la mtundu wofanana ndi nsalu ya chipani chake, ndipo linakhala m'sutikesi nyengo yonseyo.

Tsiku lina masana anabwera kunyumba kwanga atavala nsalu ya chipaniyo, duku lake lomwe. Ndinamuona akudutsa pabwalo la mpira la sukulu, ana akumuthamangira, aphunzitsi anzanga akusuzumira m'mawindo. Ndinamuchingamira pakhonde ndi chitenje changa chakale cha kumunda.

"Funda ichi pamwamba," ndinatero. "Pano ndi pa boma."

"Nhai vakoma, manje mukufuna ndivule?" anaseka. Iye Chinyanja chake n'chosakaniza, mawu awiri athu limodzi la Chishona. "Ini ndangobwera kudzakuonani chete."

"Wandiona. Funda."

Anafunda, osakwiya n'komwe, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Anakhala pampando n'kuyamba kundifunsa mmene mlatho umapemphedwera, ofesi yake ndi iti, mawu ake ayambe bwanji. Mlatho wanga uja! Ndinamuuza kuti za kampeni sindiloledwa kuthandiza, ndipo zinali zoona, koma zoonazo ndinazinena mokoma kwambiri pakamwa. Anagwedeza mutu nati, "Hazvina mhosva, palibe mlandu, achemwali, ndikumvetsa." Potuluka anapinda chitenje changa bwinobwino, nachisiya pampando.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandithyola msana chinachokera kwa amayi.

Anthu athu kuno alibe mudzi, alibe mfumu. Amene anachoka ku Malawi anasiya zonsezo kumbuyo, ndipo paesiteti mfumu ndi belu la kuntchito. Ndiye amayi ndi anzawo okalamba, ataona kuti mwana wa m'malaini akukafuna mpando, anati munthu sapita kumpando ngati akupita kuchigayo. Ayenera kulangidwa monga amachitira kwawo polonga ufumu. Amukhazike pamphasa pamaso pa anthu, amufunditse nsalu kumutu, amayi achikulire amupatse malangizo mmodzimmodzi, kenako mkulu wake amuvundukule n'kuyambitsa nyimbo. Ndipo womuvundukulayo amakhala phungu wake moyo wonse. Zikamuvuta amathamangira kwa ameneyo, pamwambo amakhala pambali pake ndi ameneyo, akalakwa womudzudzula ndi ameneyo. Kunena zoona, palibe mwa amayiwo amene anaonapo mwambowo ali wamkulu. Aliyense ankakumbuka chidutswa chake, n'kulumikiza. Koma anaugwira ndi manja awiri, chifukwa chinali chinthu chawochawo.

Cholakwika chinali chimodzi. Kwa iwo mwambowo ndi msonkhano waukulu wa chipani zinali chinthu chimodzi. Anthu adzasonkhana kale pabwalo la mpira la esiteti, zimkuzamawu zidzakhalapo kale, ndiye kulekeranji? Nsalu yomufunditsa anasankhanso ya chipani yomweyo, poti inali yatsopano.

Amayi anakwera chitunda okha kudzandiuza. Anafika akupuma mwabefu, anakana mpando, nakhala pansi pakhonde atatambalala.

"Loweruka ukamuvundukule mng'ono wako," anatero. "Nyimbo usankhe wekha."

Ndinalakalaka, ndisaname. Khamu lonse lija, chimkuzamawu m'manja mwanga, mawu anga akugunda m'mapiri. Anthu akanakumbuka kuti woyamba kufunsidwa anali ndani. Koma ndinaona nkhope ya ahedi ndi magalasi awo.

"Amayi, pamsonkhano wa chipani sindingaime. Andichotsa ntchito."

"Ndani wanena za chipani? Ine ndikunena za mwana wanga."

"Nsaluyo ndi ya chipani, pabwalopo padzakhala a chipani. Anthu adzajambula ndi mafoni. Pofika Lolemba chithunzi changa chidzakhala chili ku ofesi ya maphunziro."

"Ndiye bomalo silidziwa kuti munthu amakhala ndi mng'ono wake?"

"Likudziwa, koma lamulo ndi lamulo. Tichitire kunyumba, amayi. Tiitane amayi achikulire, titseke chitseko, ndimuvundukule ndi chitenje wamba. Ndidzaimba mpaka mudzatope."

Amayi anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ufumu wa m'chipinda unauona kuti iwe? Zaka zonsezi takhala tikubisala, Chinyanja kulankhulira m'khosi tikakwera basi. Lero tapeza tsiku loima pabwalo, iwe ukuti titseke chitseko?" Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Kodi anakubereka ndani, ine kapena boma?"

Ndinawayankha mokalipa. Ndinawakumbutsa amene amagula mankhwala awo a miyendo, ndi amene anavina ndi chipande tsiku limene ndinalembedwa ntchito. Anadzuka pogwira khoma, anakonza chitenje, nati, "Chabwino. Nsalu siingakhale kumutu mpaka kalekale. Apezeka woichotsa."

Anapezeka. Mkazi wa mlongo wanga, mlamu wanga, mwana wa Chimanyika wa ku Samanga amene Chinyanja anachiphunzirira paukwati. Munthu wabwino, sindimunamizira, wogwira ntchito, wosadziwa miseche. Koma pamene ndinamva kuti ndi iye, ubwino wake wonsewo ndinauona ngati chiwembu cha zaka zambiri. Mtengwa, wobwera, akaime pamalo pa mwana wachisamba! Anabwera yekha kudzandipepesa, atagwada pakhomo. "Tete," anatero, monga amaitanira Amanyika mlongo wa mwamuna wawo, "ine ndakana, koma amayi akakamira. Mundiphunzitseko nyimbo yake." Ndinamuuza kuti kukhosi kwandiuma ndi chimfine.

Loweruka lija ndinadziuza kuti sinditsika. Ndinachapa, ndinasita, ndinakolopa m'nyumba mokolopa kale. Ng'oma zitayamba kumveka kuchigwa, ndinatenga basiketi ndi kuuza ana kuti ndikukagula nthochi. Nthochi zinali pageti pomwepo, koma miyendo inanditengera kunjira ya mathirakitala imene imadutsa pamwamba pa bwalo la esiteti. Ndinapatuka n'kulowa m'mizere ya tiyi, pamalo pamene munthu amaona zonse iye osaoneka bwino. Tiyi amafika m'chiuno basi, choncho ndinachita kuwerama ngati wothyola, mphunzitsi wathunthu, nsapato zili m'matope.

Bwalo linali litadzaza. Anthu anachokera ku Ruda, ku Samanga, ena anatsika m'mapiri ndi makasu awo. Amapositoli anaima chapatali ndi zoyera zawo. Abambo a chipani analankhula zawo zazitali, kenako amayi athu analowa pakati ndi mphasa. Mng'ono wanga anakhala pansi, miyendo yotambalala, manja pamaondo, nsalu kumutu. Munthu wa phokoso uja anakhala duu. Amayi achikulire anayamba kubwera mmodzimmodzi, chimkuzamawu chikunyamula mawu awo mpaka pamene ndinali. Wina anati mpando usamuiwalitse dengu. Wina anati khomo lake lisakhale ndi galu. Amanyika amene sanaonepo zotere anakhala chete kumvetsera, ndipo Chinyanja chinamveka chigwa chonse popanda wochiseka. Misozi inanditsika, ya kunyada ndi ya kaduka pamodzi, sindinathe kuilekanitsa.

Kenako mlamu anaimirira. Anali atavala diresi latsopano. Anapita kumbuyo kwa mng'ono wanga, anagwira nsonga za nsalu. Anaichotsa mofulumira kwambiri, ngati akuvundukula mphika, mpaka duku linatsala pang'ono kugwa. Nyimbo anaiyamba pamwamba zedi, poti amayi okalamba sakanafikapo, ndipo mawu ena anawapotoza. Ndinadikira kuti anthu aseke. Palibe anaseka. Bwalo lonse linailandira nyimboyo, nthungululu zinang'amba mlengalenga, amayi anga anavina mozungulira mtengwa wawo n'kumukupiza ndi mpango. Ndinadzipeza ndikuimba chamumtima pamalo oyenera, pansi pang'ono, kukonza nyimbo imene panalibe woona kuti yalakwika.

Nditatembenuka kuti ndizipita, mizere ingapo kumtunda kwanga kunali munthu winanso wowerama. Anali ahedi. Tinayang'anizana, iwo anavula magalasi.

"Tiyi wabiriwira bwino chaka chino, madhamu," anatero.

"Wabiriwira ndithu," ndinayankha.

Aliyense anatulukira mzere wake, ndipo nkhaniyo sitinaikambepo mpaka lero.

Tsiku la voti ndinaima pamzere ngati wina aliyense. Voti ndi chinsinsi, koma changa ndiulula: ndinamuvotera. Magazi ndi magazi. Kungoti dzanja linali lolemera, ndipo penapake m'kati mwanga munali kamunthu kakang'ono kofuna kuti aluze pang'ono pokha, kuti abwere kudzalirira pakhonde panga. Anapambana. Komboni sinapite kuntchito bwinobwino tsiku lotsatira, ndipo makapitawo anangoyang'ana kumbali poti nawonso anali ataledzera.

Ndinkayesa kuti zisankho zikatha zonse zibwerera m'malo mwake. Zithunzi zinasuluka m'mitengo, diresi langa linatuluka m'sutikesi, koma malo anga sanabwerere. Amayi okalamba aja mwambo wawo wolumikizalumikiza anausunga mwamphamvu kuposa eni ake a ku Malawi. Khansala akapsa mtima ndi anzake a kukhonsolo, ankapita kukakhala kukhitchini kwa mlamu. Paukwati wa mwana wa msuweni wathu mipando inali iwiri kutsogolo, wa khansala ndi wa phungu wake. Ine anandipatsa mpando ndithu, koma wa mzere wachiwiri, kumbuyo kwa duku la mlamu. Pamaliro ena anayambitsa nyimbo ndi mlamu yemweyo, pamwamba pomwe paja, ine ndili pomwepo. Palibe anandilanda kanthu mwankhanza. Onse ankandipatsa ulemu, ankati aphunzitsi asavutitsidwe, ntchito yawo ndi yosafuna zambiri. Ulemu umenewo unkandiwawa kuposa chipongwe.

Mpata ndinaupeza kumapeto kwa chaka. Sukulu yathu inakonza tsiku lopereka mphatso kwa ana okhoza bwino, ndipo mlendo wolemekezeka anali khansala wa wadi. Apa lamulo linali kumbali yanga. Khansala akabwera pasukulu sabwera ngati wa chipani, amabwera ngati wa anthu onse, ndipo mphunzitsi angathe kumuimbira mpaka mawa. Kwaya ya sukulu inali m'manja mwanga. Ndinapempha ahedi kuti chaka chimenecho pakhale nyimbo imodzi ya Chinyanja, poti ana ambiri ndi a m'komboni, ndipo anavomera. Ndinaipeka ndekha. Munalibe chipani, munalibe voti. Munali kamtsikana kobereka dengu loposa msinkhu wake kuti mkulu wake apite kusukulu, ndi mawu onse amene ndikananena pamphasa paja. Ana ndinawaphunzitsa mpaka ankaiimba ndi potunga madzi pomwe.

Tsikulo linafika kukutentha monga kumatenthera ku Honde. Anamanga tenti, makolo anakhala pansi pa mitengo, ndipo kunabweranso akuluakulu a ku ofesi ya maphunziro. Mng'ono wanga anatsika m'galimoto atavala suti ya buluu ndi nsapato zazitali zimene ankayenda nazo ngati akuoloka mtsinje. Kumanja kwake amayi, kumanzere mlamu. Nthawi ya kwaya itakwana ndinaima kutsogolo kwa ana, ndinakweza dzanja, ndinayambitsa ndekha, pansi, pamalo pake. Sindinaimbepo chotero chibadwire. Makolo a m'komboni anaimirira. Ndinaba diso kuyang'ana m'tenti, ndipo ndinaona khansala akufufuza mpango m'chikwama. Mumtima ndinati, eya, wamva, tsopano ukudziwa mkulu wako ndi ndani.

Anaimirira kulankhula, ndipo analankhula bwino, m'Chishona chosalala, wopanda pepala. Anathokoza ahedi ndi akuluakulu a maphunziro. Kenako anati aonetse anthu amene anabwera nawo. Anaimiritsa amayi, anthu anaomba m'manja. Anaimiritsa mlamu nati uyu ndiye phungu wake, amene anamuvundukula pamaso pa anthu, anthu anaombanso. Ine ndinakonza kolala ya diresi, ndinasuntha phazi kuti ndiimirire bwino. Iye anayang'ana kumene ndinali, nati akuthokozanso aphunzitsi a kwaya chifukwa cha nyimbo yokoma. Basi, anapitirira kunena za mlatho.

Mwambo utatha, aphunzitsi tonse tinaima pamzere kuti alendo atigwire chanza. Mng'ono wanga atafika pa ine anandifinya dzanja, maso ali ofiira, nanong'ona, "Achemwali, mwandiriza. Sindinakutchuleni dala, pali vakuru ve ku ofesi, angakuganizireni zina. Takambirana kale m'motamo kuti tikutetezeni." Ndisanayankhe, anali atapita kwa wotsatira.

Kumbuyo kwake kunkabwera amayi, mlamu atawagwira pachigongono. Ankapatsa moni mphunzitsi aliyense m'Chishona chawo chothyokathyoka cha pamsika. Atafika pa ine ndinapinda maondo, ndinatambasula manja onse awiri.

"Amayi, mwaimva nyimbo ija?"

Anayang'ana kumene kunaima akuluakulu a maphunziro, anayang'ananso ine. Kenako anaomba m'manja mwaulemu monga amachitira akalowa mu ofesi.

"Mwaita basa, madhamu," anatero. "Vana vaimba zvakanaka."

Anandithokoza ngati mlendo, kuti ndagwira ntchito, ana aimba bwino. Chibadwire changa amayi anali asanandilankhulepo Chishona. Ndinawayankha m'Chishona momwemo, chifukwa mzere unali kuyenda, ndipo mlamu anawatsogolera kwa mphunzitsi wotsatira.